Fulu Wogadama wa Ababa

Ndinene poyambirira pomwe kuti ine afulu sindinkawafuna. Chinyama chosakamidwa, chosalondera pakhomo, chosadyedwa m'nyumba ya Asilamu, chongomaliza masamba a mbatata amene ine ndathirira ndi msana wangawu, cha ntchito yanji? Koma ababa anali nawo awiri, m'khola la zidutswa za njerwa pansi pa mtengo wa mango, moyang'anizana ndi khonde lawo kwathu kwa Kalembo. Wamkuluyo anamutola m'munda wa thonje. Wamng'onoyo anamulanditsa ku moto wa lupsa chaka chotsatira, chigoba chitapserera mbali imodzi. Anali afulu otseka kumbuyo aja, oti ukamunyamula chigoba chimapindika n'kubisa miyendo ndi mchira womwe.

Ababa anangoona kuti wina ndi wamkulu, wina ndi wamng'ono, basi mlandu unatha. Uyu ndi bambo, uyu ndi mayi. Umboni nawo unalipo. Mvula ikangodontha, wamkuluyo ankalondola mnzake khola lonse, kumugunda m'mbali, gu! gu!, kenako n'kumukwera, khosi atasolola, kukamwa kuli yasa, akulira ngati munthu wa mphumu. Nthawi zambiri zinkathera poti wamng'onoyo wagadama, miyendo ikupalasa m'mwamba. Ababa ankapita n'kukamutembenuza ndi chala cha kuphazi, uku akuseka.

"Banja ndi lotero," ankatero.

Anathira mchenga pakona kuti mayiyo adzaikire mazira, ndipo mazirawo anawadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu ena ankanong'ona kuti mkulu ameneyu akukhwima, thonje lake likubereka chifukwa cha afulu. Ababa ankayankha kuti akanakhala okhwima bwenzi denga lawo lili la malata.

Ababa si akuno. Anachokera ku Ngokwe ali mnyamata kudzakwatira amayi, n'kukhala mkamwini pamudzi pathu moyo wawo wonse. Amayi atatisiya, sadaka itachitika, akuchikazi anawasudzula mwa mwambo kuti ali omasuka kubwerera kwawo. Ine ndinakana. Achimwene anga awiri anakakwatira kwina monga amachitira amuna kuno, amuna anga ali ku Joni, ndiye ababa achokenso, ine nditsale ndi ndani? Anakhala. Tinakhala bwinobwino zaka ziwiri, mpaka tsiku lina m'mwezi wozizira anagwa m'munda akutola thonje. Inali sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinangoti lende, pakamwa panapotoka pang'ono.

Titakhala kuchipatala milungu iwiri, mayi wa mafizo, wophunzitsa odwala kuyendanso, anandiitanira pambali. Anati mwendowo sunafe, wangogona, ndipo uyenera kudzutsidwa tsiku lililonse, apo ayi udzagona mpaka kalekale. Anandijambulira papepala mmene ndingazikire nsungwi ziwiri zoti ababa azigwira poyeserera kuyenda. Nditafika kunyumba ndinazika nsungwizo ndekha, manja mpaka matuza. Ndinapita kukawadzutsa.

"Mulungu wandikhazika pansi, iwe ndiwe ndani kuti undiimike?" anatero ababa, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Mulungu yemweyo ndiye anapatsa nzeru mayi wa kuchipatala uja," ndinayankha.

"Ndiye kamuuze adzayende yekha."

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo zimene ndinayankha tsiku limenelo sindingazilembe pano. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kukalipa, ndinayesa kuwamana tiyi. Anzawo a kumzikiti anabwera kudzawalimbikitsa, iwo n'kumangogwedeza mutu mwaulemu, alendowo akachoka n'kugonanso. M'mawa ndinkawakokera pakhonde, madzulo n'kuwabwezera m'nyumba. Mapemphero a swala ankaswalira chogona. Nsungwi zanga zija ana anga anayamba kuyanikapo mayunifolomu.

Miyezi iwiri itadutsa kunabwera azakhali, mlongo wawo wa ababa, kuchokera ku Ngokwe. Ndi mayi wamfupi, wochita geni ya matemba a ku Chiuta, wosazolowera kubwezeredwa mawu. Anakhala pamphasa n'kuyang'ana mchimwene wawo nthawi yaitali, kenako anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Amwali, wayesetsa, sindikunyoza. Koma mkamwini akadwala chonchi amadwazikidwa ndi abale ake. Mayi ako kulibe. Iwe ndiwe mwana wamkazi, ungamasambitse bambo ako mpaka liti? Kwathu kuli adzukulu awo aamuna. Ndidzawatenga."

"Iyayi, azakhali. Kwawo ndi kuno. Ku Ngokwe anachokako ine ndisanabadwe, akadziwa ndani kumeneko?"

"Chibale ndi fupa, sichiwola. Adzatidziwa."

Ndinalira, ndipo sindinalire mwaulemu ayi. Ndinawauza kuti kuchipatala anena kuti mwendo ukhoza kudzuka. Azakhali anayang'ana nsungwi zanga zili ndi mayunifolomu, anandiyang'ana ine, n'kupukusa mutu.

"Chabwino. Ndidzabwera ndi galimoto mvula isanaononge msewu. Ndikadzawapeza akuyenda, ndidzawasiya. Ndikadzawapeza pamphasa pomwepa, usadzandivute."

Madzulo ndinawafotokozera ababa, ndikuyembekeza kuti achita mantha ngati ine. Anangoti, "Kogonera mphasa n'kumodzimodzi." Mawu amenewo anandipweteka kuposa a azakhali. Ndinadziwa kuti akapita ku Ngokwe sadzaimanso, chifukwa kumeneko adzawakonda mowanyamula, ndipo ine ndidzawaonanso pa maliro.

Nthawi yonse yozizira ndi yachilimwe afulu aja anali atakwiririka m'zinyalala pakona, osadya, osasuntha, moti ine ndinawaiwala. Kenako mu Okotobala kunagwa chizimalupsa, kamvula kamodzi kongonunkhitsa dothi. M'mawa mwake onse awiri anali atatuluka, ndipo wamkuluyo anayamba ntchito yake. Ndili kutsuka mbale ndinamva ababa akufuula ndi mawu amene ndinali ndisanawamve chigwereni.

"Amwali! Iwe! Mayi wagadama uko!"

Ndinathamanga mtima uli m'mwamba kuyesa kwagwa munthu, n'kupeza ndi fulu. Ndinamutola kuti ndimutembenuze, iye n'kundithira zake zonse pachitenje. Akuluakulu sananame, fulu amanyera wom'tola. Tsiku limenelo ndinaitanidwa kanayi. Tsiku lotsatira kasanu. Ndinkati ndikangosenza ndowa, "Amwali!" Ndikangoyatsa moto, "Amwali!" Koma abale, munthu kudwazika bambo, kuthirira dimba, kulera ana, kuwonjezanso kukhala nkhoswe ya afulu!

Tsiku lachitatu anatipeza tikukangana za zomwezo bambo wina woyandikana nafe, Mlomwe wa ku Phalombe amene anadzakwatira kuno. Ndi mlenje wa mbewa, ndipo iye ndi ababa akhala akunyogodolana zaka zambiri za zimene wina amadya ndi zimene wina sadya. Ababa anamudandaulira kuti mayi wa m'kholamo ndi wosabereka. Mlomweyo analowa m'khola, anatola afulu onse awiri, wina dzanja ili wina dzanja ilo, n'kuwagadamika. Anayang'ana, anayang'ananso, kenako anaseka mpaka kukhala pansi.

"Madala, mazira mukuwadikira kwa ndani? Awa ndi atambala okhaokha!"

"Usandinamize iwe," anatero ababa.

Anawabweretsa pakhonde n'kutionetsa. Anati fulu wamwamuna kumimba kwake kumalowa mkati ngati mbale, kuti azikhazikika bwino pamsana pa mkazi, ndipo mchira wake umakhala wautali ndi wonenepa. Wamkazi kumimba n'kosalala, kamchira kakafupi, ndiponso kawirikawiri ndiye amakhala wamkulu thupi. Tinayang'ana. Mbale ziwiri, michira iwiri yaitali.

"Nanga kukwerana kuja?" anafunsa ababa, mawu atachepa.

"Si chikondi chimenecho, madala, ndi ufumu. Amuna awiri mukawatsekera malo amodzi, wamphamvu amagunda mnzake, kumugadamika, kumukwera, kuti adziwe mwini khola ndani. Kutchire wogonjayo amathawa n'kupita kwina. Muno athawira kuti? Dzuwa la mwezi uno akagadama mpaka masana, mudzamupeza atauma. Alekanitseni. Kapena ndipatseni ine, ndiwo zavuta."

"Choka apa, wakudya mbewa iwe!" anakalipa ababa, ndipo Mlomweyo anachoka akusekabe.

Ine ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka. Zaka zisanu ndi chimodzi munthu kuthira mchenga! Koma ababa sanaseke. Anayang'ana kukhola, kenako anati, "Ndiye kuti nthawi yonseyi ankamuzunza ine ndikuseka." Anandilamula kuti ndigawe kholalo pakati ndi njerwa. Ndinavomera kuti ndichita mawa.

Mawa lake sindinagawe, ndipo si ulesi ayi. Ndinali nditaona chinthu. Ababa amene ankakana ngakhale kudzutsa mutu kuti amwe phala, fulu uja akagadama ankadzuka okha n'kukhala tsonga. Ulendo wina ndinachedwa dala pang'ono, ndipo nditafika ndinawapeza atadzikhwekhwereza kuchoka pamphasa mpaka pamphepete pa khonde, dzanja labwinolo litagwira mzati. Zimene ndinalephera ine, zimene analephera anzawo a kumzikiti, kanyama kopserera aka kanali kuzichita. Ndinayamba kupereka zifukwa. Lero njerwa palibe, mawa msana ukupweteka, mkuja ndikapita kuchigayo. Mwezi unali kutha ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo kumapiri a ku Machinga.

M'mawa wina, ana atapita kusukulu, ndinatenga munsi n'kuutsamiritsa pamzati wa khonde ngati ndauiwala. Ndinanyamula keni yothirira, ndinatsazika mokweza kuti ndapita kudimba ndipo ndichedwa, kenako ndinazungulira kuseri kwa nyumba n'kukalowa m'bafa. Bafa yathu ndi ya udzu, ndipo pa kampata kena umaona khonde ndi khola lomwe. Ndinanjuta mmenemo ngati wakuba.

Sipanatenge nthawi. Wamkuluyo anayamba kulondola mnzake, kumukankhira kukona ya kum'mawa kumene mthunzi wa mango sufika. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, gu! Anabwereranso, gu! Kachitatu analowetsa mphepete mwa chigoba chake pansi pa mnzakeyo n'kunyamula. Wamng'onoyo anagudubuka n'kugona chagada, kumimba kwachikasu kuli poyera, miyendo ikupalasa mphepo. Wamkuluyo anachoka kukadya masamba ngati palibe chachitika.

"Amwali!"

Ndinakhala chete.

"Amwali! Iwe!"

Anaitana Mlomwe uja, koma anali atapita kutchire. Anaitana aliyense wodutsa, koma nthawi imeneyo pamudzi pamakhala zii. Anatukwana fulu wamkuluyo, "Chitsiru iwe, ndi mwamuna mnzako ameneyo!" Kenako anangokhala, akuyang'ana. Dzuwa linakwera. Amene anakhalako ku Balaka mwezi umenewo akudziwa dzuwa limene ndikunena, lija loswa mtengo, loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli pululu. Ine m'bafamo thukuta linali kamukamu. Ndinkaona miyendo ya fuluyo ikupalasa, kupuma, kupalasanso, ulendo uliwonse mofooka kuposa woyamba. Khosi analisolola kuyesa kudzikankha ndi mutu, koma dothi linali louma ndi losalala. Kenako miyendo inangoti lende.

Ndinaima kuti ndituluke. Ndinati basi, ndalephera, ndisaphe nyama ya Mulungu chifukwa cha nzeru zanga zopusa. Dzanja langa linali kale pachiguduli cha pakhomo pamene ndinamva munsi ukugunda pansi.

Ababa anali atafika pamzati. Anaugwira ndi dzanja lamanja, anakoka thupi, anabwerera pansi. Anakokanso, mitsempha ya m'khosi ili tototo, ndipo ndinamva akuti "Bisimilahi." Anaima. Miyezi inayi ndinali ndisanaone kutalika kwa ababa, ndipo ndinali nditaiwala kuti ndi munthu wamtali. Anasiya mzati n'kugwira munsi. Anaponya mwendo wabwino, winawo unatsatira chokokedwa, chala chikulemba mzere padothi. Anaponyanso. Ine ndinaluma chitenje kuti ndisafuule. Ndinawerenga mapazi asanu ndi limodzi, ndipo pa lachisanu ndi chiwiri munsi unaterereka, ababa n'kugwa chogwada, fumbi kobo.

Mulungu andikhululukire, sindinatuluke. Miyendo yanga inkafuna kuthamanga koma ndinaigwira ndi manja. Ababa anakhala pamenepo akupuma mwabefu, mutu uli pansi. Anayang'ana kukhola. Anakoka munsi, anauzika, anakwera nawo pang'onopang'ono ngati munthu wokwera mtengo, mpaka anaimanso. Mapazi otsalawo sindinawerenge chifukwa misozi inali itanditseka m'maso. Nditapukuta ndinawaona atakhala panjerwa za khola, akutembenuza fuluyo ndi nsonga ya munsi. Anatunga madzi ndi dzanja m'phale limene afuluwo ankamwera n'kumuwaza pachigoba. Patapita kanthawi mutu unatuluka.

Ndinazemba, ndinazungulira, n'kutulukira kunjira ya kudimba ndi keni yanga. Ndinayesa kudabwa.

"Aa! Ababa! Mwafika bwanji pamenepo?"

"Ndauluka," anatero osandiyang'ana. "Ndithandize ndibwerere."

Mawondo onse anali atasupuka. Ndinawatsuka ndi madzi a mchere, iwo osadandaula, ine osafunsa zambiri. Madzulo amenewo ndinaphika mpunga ngati ndi tsiku la Idi, ana n'kumadabwa kuti kwagwanji.

Kuyambira tsiku limenelo sanandiitanenso. Fulu akagadama ankadzuka okha, katatu kapena kanayi patsiku, ndipo mzere wa chala chawo unasanduka kanjira kuchoka pakhonde kufika pakhola. Mlungu woyamba ankagwa. Wachiwiri anasiya kugwa. Mlomwe uja anawasemera ndodo ya mtengo wolimba kuti andibwezere munsi wanga, ndipo powapatsa anati ndi malipiro a ndiwo zimene akudikirabe. Za kugawa khola ababa sanazitchulenso, ine ndiye ndinangoti laponda lamphawi. Ndinali wosangalala moti ndinkaimba potunga madzi.

Amene sankasangalala ndi fulu wamng'ono uja. Anasiya kudya. Ndinkamuikira nkhono, mango akugwa, bongololo amene kale ankawalimbirana, iye osayang'anako. Wamkuluyo akangoyandikira ankatseka chigoba n'kukhala choncho mpaka madzulo. Maso analowa mkati. Tsiku lina ndinamunyamula ndipo anali wopepuka ngati chikho chouma. Ndinamubwezera pansi msangamsanga, ndipo nditatembenuka ndinapeza ababa ataima kumbuyo kwanga ndi ndodo yawo.

"Wamumva kulemera kwake?"

"Eya, ababa."

"Tsiku lija keni yako inali youma. Ndipo udzu wa bafa yako ndi waufupi, mapazi ako ankaoneka pansi."

Manyazi anandigwira, koma ine manyazi akandigwira ndimapsa mtima. "Nanga ndikanatani? Mukanapita ku Ngokwe muli pamatiresi ngati thumba la chimanga! Ine ndinakupemphani ndi misozi, simunadzuke. Mwadzukira fulu!"

Ndinayembekeza kuti akalipa. M'malo mwake anakhala pansi panjerwa pang'onopang'ono, mwendo wodwalawo ataugwira ndi dzanja.

"Sindikukudzudzula wekha. Inenso ndinadziwa, ndipo ndinakhala chete chifukwa ndinaona kuti zikundithandiza. Ndikanafuna, bwenzi nditamuuza wakudya mbewa uja kuti agawe khola tsiku lomwelo. Mwendo ndi wanga, koma amene wakhala akupsa ndi dzuwa ndi uyu. Tamulakwira tonse awiri."

Ndinangotola fuluyo n'kupita naye pakhonde.

Tinamuika pansi pa dengu lalikulu pafupi ndi mphasa ya ababa, pamasamba onyowa. Ababa ankamusambitsa m'beseni m'mawa uliwonse ndi dzanja lawo limodzilo. Ine mtima unali m'mwamba pa zinthu ziwiri, kuti fuluyo afa ndipo ndamupha ndine, komanso kuti ababa, poti chowadzutsa chatha, abwerera kukhoma. Tsiku lachinayi fuluyo analuma bango lakupsa. Ndipo ababa, m'mawa mwake, anatenga ndodo n'kudutsa khola osaimapo, kulunjika njira ya kudimba. Anafika pamtengo wa nsangu n'kubwerera. Tsiku lotsatira anapitirira nsanguwo.

"Mukupita kuti kodi?" ndinawafunsa.

"Ndikuyeza njira. Kuseri kwa dimba lako kuli kathengo kaja kamene sikapsa. Mwamuna ameneyu wakhala zaka zisanu ndi chimodzi akutchedwa mayi. Akafune mkazi wake."

"Ndikamusiya ndine," ndinatero.

"Unamutola ndiwe?"

Mvula yeniyeni inagwa kawiri mlungu umenewo, ndipo Lachitatu azakhali anaimba foni kuti apeza galimoto, afika Loweruka msewu usanaterere. Ndinafuna kuwauza pomwepo kuti asavutike, koma ababa anandikodola kuti ndikhale chete. Nditadula foni anati, "Chemwali wanga ndimamudziwa. Ukamuuza adzati ukunama. Ndikaima pakhonde pano adzati mwandiimika inu n'kundisiya. Adzandipeze kuthengo."

Loweruka ababa anavala mkanjo wawo woyera ndi chisoti, ngati akupita ku ukwati. Fuluyo tinamuika m'kathumba ka nsalu n'kuwakoleka m'khosi, poti dzanja limodzi silingagwire ndodo ndi fulu. Anandiletsa kuwatsatira. Ananyamuka dzuwa lisanatenthe, ine n'kutsala ndikusesa bwalo limene ndinali nditasesa kale.

Galimotoyo inafika cha m'ma teni, kapikapu ka matola kodzaza matope. Kumbuyo azakhali anali atayala matiresi atsopano, pulasitiki yake isanachotsedwe, ndi pilo. Anatsika, anapereka salamu, maso ali pakhonde. Ataona mphasa yopindidwa itatsamira kukhoma, nkhope yawo inasintha.

"Amwali, achimwene ali kuti? Usandiuze kuti..."

"Iyayi, azakhali, ali moyo. Angotsikira kuthengo."

"Wawanyamula ndani?"

"Tiyeni mukaone."

Anayenda patsogolo panga, mofulumira moti ine ndinkachita kuthamangira. Padothi lonyowalo panali phazi limodzi, bowo la ndodo, ndi mzere. Azakhali anaziona n'kupitirira. Tinadutsa nsangu, tinadutsa dimba, ndipo patsogolo pathu tinaona mkanjo woyera ukuyenda mopendekera, kuima, kuyendanso. Azakhali anafuna kuthamanga kuti akawagwire. Ndinawagwira mkono.

"Musawagwire, amakalipa."

Ababa anamva mapazi athu koma sanatembenuke. "Chemwali, mwafika? Dikirani pang'ono, ndili pantchito."

Tinawatsatira chapatali mpaka pamphepete pa kathengoko. Anatsamira mtengo, anavula kathumba, anawerama movutikira n'kumuika fuluyo pamasamba ovunda. Fuluyo anangokhala chitsekere. Tinaima anthu atatu akuluakulu kuyang'ana chigoba chopserera, ntchentche zikutizungulira, dalaivala akuliza hutala kumudzi. Ine ndinayamba kuganiza kuti wafera m'thumba. Kenako mphuno inatuluka, mutu, mwendo umodzi. Ananunkhiza dothi nthawi yaitali. Anayamba kuyenda, osati mothamanga, koma osatembenuka, mpaka analowa pansi pa zitsamba ndipo tinangomva masamba akulira.

Azakhali anakhala pansi pamatope pomwepo ndi chitenje chawo chatsopano, n'kuyamba kulira mokalipa. "Anthu oipa inu! Ine usiku osagona, kuganiza kuti mchimwene wanga akuwolera pamphasa, inu muli phee! Foni muli nayo ya chiyani?"

"Ndikanakuuzani mukanakhulupirira?" anafunsa ababa.

"Sindikanakhulupirira!" anayankha azakhali, akupukuta mphuno.

Kubwerera kunatenga nthawi yaitali, chifukwa ababa anali atatopa zedi ndipo mwendo unkakoka kwambiri. Anapuma kanayi. Azakhali anayenda patsogolo, akukankhira pambali timiyala ndi minga ndi phazi lawo, akuyesa kuti sitikuona. Titafika pabwalo ababa anakhala pakhonde, mkanjo uli wonyowa ndi thukuta, n'kupempha madzi. Ine ndinaima pafupi ndi azakhali kudikira, chifukwa mawu awo ndinali ndisanawamvebe. Dalaivala anafunsa ngati wodwalayo wakonzeka.

Azakhali anayang'ana mchimwene wawo akumwa madzi ndi dzanja lake, anayang'ana ine, kenako anatembenukira kwa dalaivalayo.

"Tsitsani matiresiwo mulowetse m'nyumbamo. Azigonera konkuno."